A Chitseko, Bambo Amene Sankawerama

Amene munakhalako mumsewu uja wa timasitolo tothinana mukuwakumbuka a Chitseko, bambo amene anatha zaka zambirimbiri osawerama. Sikuti anali onyada ayi, anali munthu wansangala ndi waulemu. Koma ulemu wawo unkathera m'maso ndi pakamwa. Msana unkangoti njo ngati mtengo wa magetsi, ndipo akafuna kuona nsapato yawo ankachita kukweza phazi.

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mlongo wawo yekha, mayi wamasiye amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yomwe awiriwo ankakhala. Mayiyo anthu ankangomuti Telala. Ndiye amene anasenza nkhani yonseyi, chifukwa msana unali wa achimwene ake koma zotopetsa zake zinali za iye.

Kale a Chitseko ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mipando. Ankasenza makabati ndi mafiriji n'kukwera nawo masitepe akuimba mluzu, msana osadandaula n'kamodzi komwe. Tsoka linadzera supuni. M'mawa wina akumwa tiyi supuni inagwa, iwo n'kuwerama kuti atole, ndipo china chake chinati khwethe m'chiuno. Anauma pomwepo. Telala anawapeza dzanja lili pansi, thako lili m'mwamba, thukuta lili kamukamu, akunong'ona kuti asawakhudze.

Ululuwo unatha patangopita masabata ochepa, monga umachitira kwa anthu ambiri. Mantha ndi amene sanathe. Iwo anatsimikiza kuti fupa linatuluka pamalo pake, linabwerera mwamwayi chabe, ndipo likadzatulukanso ndiye kwatha. Anasiya ntchito. Anazula chitseko cha kuchipinda kwawo n'kuchisanjika pa njerwa, chimenecho n'kukhala bedi. Matiresi ankati ndi mdani woseka, amakunyengerera pogona kuti akuphe podzuka. Pamimba anamangapo lamba wachikopa wotambalala ngati wa pachigayo, ndipo sankamuvula ngakhale posamba.

Msanawo anaupatsa dzina. Ankautchula kuti Mkulu, ndipo ankaunena ngati munthu wina amene akukhala naye nyumba imodzi. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji ankayankha kuti iwo adzuka bwino, koma Mkulu sanagone, wamva mvula ikubwera. Poyamba Telala ankaseka. Koma masana ena, makina akangoima, ankamva mawu apansipansi akuchokera m'chipinda chopanda chitseko chija. Achimwene ake ankalankhula pang'ono, n'kukhala chete nthawi yokwanira kuti wina ayankhe, kenako n'kuvomera kuti inde, amva. Telala ankapondanso makina msanga, ngakhale pasakhale chosoka.

M'chipindamo chinthu chikagwa pansi chinali chitasamuka. Anali ndi waya wautali wokhota kumapeto, ndiponso zala zawo za kumapazi zinaphunzira kutola mpaka singano, koma chimene chakana waya ndi zala chinkakhala pomwepo. Telala akalowa kuti asese, ankamuletsa kuwerama iwo akuona. Anam'mangirira tsache ku mtengo wautali, moti ankasesa ngati akupalasa bwato.

Chimene chinkaopsa anthu kwambiri chinali kayendedwe kawo. Poopa kugwedeza Mkulu, a Chitseko ankaika phazi pansi ngati mphaka, osamveka n'komwe. Umatha kukhala ukusankha anyezi, kapena ukudikira kuti akumete, n'kungomva chala chozizira chakugunda pakhosi kumbuyoku. Chalacho chinkatsika pang'onopang'ono, fupa ndi fupa, kenako n'kuima.

"Apa," mawu ankatero pafupi ndi khutu. "Latuluka."

Anthu amene anachoka kwawo ali bwinobwino ankabwerera atagwira m'chiuno. Wometa wa tsidya la msewu, munthu wokonda nthabwala, ankati a Chitseko akanakhala kuti amagulitsa matenda bwenzi atamanga nyumba yosanja. Koma iye yemweyo chala chija chitamuyendera anatha sabata akumeta anthu ataimirira ngati msilikali.

Malamulo awo anali ambiri ndipo ankawapereka ulere. Msana ukawawa, gona, usadzuke mpaka utasiyiratu. Usanyamule chilichonse cholemera kuposa kapu. Usakhale pamene pakudutsa mphepo chifukwa mphepo imalowa m'mafupa ndipo situluka. Kuthamanga n'kwa anthu amene atopa ndi moyo. Munthu akawongola msana wake n'kumveka kuti thwa, ndiye kuti fupa labwerera, koma likamveka kawiri ndiye kuti labwerera n'kutulukanso. Mankhwala enieni ndi jekeseni, ndipo ikhale yowawa.

Tsiku limene msewu wonse sudzaliiwala linayamba ndi kuyetsemula. A Chitseko anayetsemula mwadzidzidzi ali pakhonde, n'kuuma, maso ali tong'o. Anati Mkulu wasuntha. Telala anati aitane galimoto, iwo anakana chifukwa cha maenje a mumsewu. Anati njinga, anamuyang'ana ngati wawatukwana. Pomaliza amuna anayi anagwira m'makona a chitseko, iwo atagona chagada, manja atapinda pachifuwa. Dzuwa linali likuswa mtengo, choncho Telala, mosaganiza, anatenga nsalu yoyera imene amafuna kusokera munthu diresi n'kuwafunditsa kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Anayenda pang'onopang'ono chifukwa wodwalayo anali atalamula kuti pasakhale kugwedeza. Telala ankatsatira pambuyo, nkhope ili pansi chifukwa cha manyazi. Anazindikira mochedwa kuti msewu wonse wati zii. Wometa anali atazimitsa wailesi. Wowotcherera zitsulo anazimitsa moto wake n'kuvula magalasi. Amuna ankavula zipewa, magalimoto ankapatuka, ndipo anthu anayamba kulowa pamzere m'modzim'modzi. Pofika pa mphambano gulu linali litakula, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi, amene sankawadziwa n'komwe, anayamba kulira mokweza kuti anali munthu wabwino.

Pamenepo pansi pa nsalu panatuluka mawu odekha.

"Wa kumiyendo kumanzereyo akutsitsa. Akweze pang'ono."

Nthochi zinamwazika msewu wonse. Awiri mwa onyamulawo, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti munthuyo ndi wamoyo, anatsala pang'ono kutaya chitseko n'kuthawa. Telala ankati chimene chinamuchititsa tsemwe si kukuwa kwa anthu ayi, koma kuti nsaluyo sinagwedezeke n'pang'ono pomwe pamene mawuwo ankatuluka.

Kuchipatala anakumana ndi Namwino, mayi wa mumsewu womwewo, amene ankawadziwa bwino. Anawavundukula n'kuwauza kuti adzuke. Anawafotokozera mwaulemu kuti fupa la msana silituluka ngati dilowa ya kabati, kuti chimene chikuwaumitsa ndi kugona komweko ndi lamba uja, ndipo msana umachira ukamayenda ndi kugwira ntchito pang'onopang'ono. A Chitseko anamumvera chisoni. Anati ndi mwana wabwino koma mabuku amuwononga. Anapempha jekeseni, anakanizidwa. Anaumirira kuti awajambule mafupa, ndipo kuti mtendere ubwere, anawajambula.

Dokotala anakweza chithunzicho pa kuwala n'kunena kuti palibe chatuluka. Timizere timene ankalozato, anati, aliyense wa msinkhu wawo ali nato, ngakhale amene msana sunamuwawepo. Ndi imvi za m'kati basi. A Chitseko anakhumudwa ngati munthu amene wauzidwa kuti mwana wake si wanzeru. Anabwerera kunyumba wapansi, chitseko chikubwera pambuyo chopanda kanthu, ndipo njira yonse ankadandaula kuti makina a masiku ano sakuona.

Chithunzicho anachimata pa galasi la zenera la pabalaza, pamene amayi ankayesera zovala. Dzuwa likapendeka, kuwala kunkadutsa pamenepo n'kuponya mthunzi wa mafupa pakhoma, ndipo mthunziwo unkakwawa pang'onopang'ono mpaka kufika pa kalilole. Mtsikana wina akuyesa diresi la ukwati anadziona m'kalilole nthiti za munthu wina zitamugwera pachifuwa. Analivula mapini ali momwemo n'kuthawa, ndipo diresilo anachita kutuma azakhali ake kudzatenga. Telala anapempha kuti chithunzicho chichoke. Achimwene ake anati Mkulu amakonda kuona kunja.

Mbiri ya ulendo wa pachitseko uja inawabweretsera odwala. Woyamba anali Wowotcherera, amene msana unamugwira akunyamula geti. A Chitseko anamuyendetsa chala chozizira chija, anapukusa mutu, n'kumulamula kuti agone pa thabwa mpaka iwo atanena. Kwawo kwa Wowotcherera kunali ana ambiri ndi phokoso, choncho anabwera ndi thabwa lake kudzagona m'chipinda momwemo. Kenako kunabwera dalaivala wina, kenako wophika buledi. Posakhalitsa m'chipindamo munali amuna ogona chagada mondondozana, mapazi ataloza kukhomo. Kulankhula kunali kololedwa koma kuseka ayi, chifukwa kuseka kumagwedeza. Chifukwa cha ntchentche ankadzifunditsa kumaso ndi timipango.

Nsalu za Telala zinkakhala m'kabati ya m'chipinda chomwecho. Ankati m'moyo wake wonse sanaopepo malo ngati mmenemo masana dzuwa lili pamutu. Ankalowa monyang'ama, kulumpha miyendo, osamva ngakhale kupuma. Tsiku lina ali mkati mosankha nsalu, timipango tonse tinatembenukira kwa iye nthawi imodzi, ndipo kuchokera pansi pa kampango kamodzi mawu anafunsa ngati kunja kuli mitambo.

Odwalawo sankachira. Wowotcherera amene anabwera akuyenda chopendekera tsopano ankalephera ngakhale kudzuka yekha kupita kuchimbudzi. Makasitomala ake anayamba kupita kwina. Mkazi wake anabwera kudzakalipa pakhonde kuti anakwatiwa ndi mwamuna, osati shelefu. A Chitseko anamuyankha modekha kuti kuuma kumeneko ndiye kuchira, fupa likugwira ngati simenti.

Anawachiritsa ndi njuchi. Masana ena chigulu cha njuchi zosamuka chinalowera pa zenera n'kudzaza chipinda chonse. Telala anangomva mkokomo, kenako amuna amene ankati sangathe kutembenuka anatuluka ngati akuthamangitsidwa ndi mkango. Wophika buledi analumpha makina osokera. Dalaivala anadutsa pa zenera. Wowotcherera anathamanga mpaka kumapeto kwa msewu, n'kuzungulira, n'kubwerera, ndipo ataima kuti apume anadabwa kuti wawerama, manja ali m'maondo, ndipo palibe chimene chathyoka.

Telala anakumbukira achimwene ake. Anadzikulunga nsalu kumutu n'kusuzumira. Anali chigonere pachitseko chawo, maso ali kudenga, njuchi zitawakuta kumaso ndi m'manja ngati ndevu zoyenda. Sanaphethire. Patapita nthawi njuchizo zinanyamuka zonse n'kutuluka, osawaluma ngakhale imodzi. Wometa anati zinaona ngati ndi chipika. Ena sanaseke, ndipo kuyambira tsikulo ankawapatsa moni ali chapatali.

M'masiku otsatira amuna aja anabwerera kuntchito, ndipo misana yawo inayamba kumasuka. A Chitseko anayenda msewu wonse kulandira mayamiko. Ankati mwaona, thabwa silinama.

Kenako msana unamugwira Telala mwini wake. Inali nyengo ya mayunifolomu a sukulu, ankakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo tsiku lina podzuka pampando anangoti kakasi. Anayesa kubisa, koma munthu sungabise msana m'nyumba ya a Chitseko. Madzulo omwewo anapeza thabwa litayalidwa kale pafupi ndi chitseko chija. Achimwene ake ankaoneka osangalala ngati alandira mlendo amene anamudikira zaka zambiri.

Anagona masiku awiri kuti awasangalatse. Mayunifolomu anaunjikana, makolo anayamba kugogoda, ndipo ululu unkangokula. Tsiku lachitatu ananamizira kuti akukagula ulusi n'kupita kwa Namwino, amene anamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba yake.

Namwino anamuuza kuti misana yambiri imawawa popanda chothyoka, ndipo imachira yokha. Aziyenda tsiku lililonse, azisoka pang'ono n'kumadzuka kudziwongola, aziikapo nsalu yofunda, ndipo ululu ukakula amwe mapiritsi kwa masiku ochepa. Kenako, akufinya malaya, anawonjezera kuti msana woopsa ulipo koma umadziwika ndi zina. Munthu amaonda popanda chifukwa. Ululu susiya ngakhale agone bwanji. Miyendo imachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo umavuta, thupi limatentha. Zikatero, anati, si za thabwa kapena kuyenda ayi, n'zothamangira kuchipatala. Anamufunsa ngati ali ndi chimodzi mwa zimenezo.

Telala anati ayi. Koma akuyang'ana madzi a sopo akuyenderera pansi, maganizo ake anathamangira kunyumba. Miyezi imeneyo anali ataboola lamba wa achimwene ake kangapo ndi msomali chifukwa ankati lambayo wakula. Anakumbukira kuti masiku amenewo sankamalizanso chakudya, kuti ankakhalitsa kuchimbudzi, ndiponso kuti zala zawo za kumapazi, zija zotola singano, dzulo lake zinalephera kutola chipesa.

"Si ine," anatero. "Ndi achimwene."

Kunyumba anawapeza atagona. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kuwauza zonse. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka pang'ono, mosagwedeza.

"Achemwali, Mkulu ndakhala naye zaka zonsezi. Ndimamudziwa."

"Uyu si yemwe uja, achimwene."

"Kuchipatalako anandiuza kale kuti ndilibe kanthu. Ndipitenso akandiseke?"

"Nthawi ija munalibe kanthu. Pano muli nako."

Anakana. Munthu amene ankanyamulidwa pachitseko chifukwa choyetsemula tsopano ankati palibe chifukwa chovutitsira madokotala. Telala anachonderera, anakalipa, analira, anatuma Wometa, anatuma Namwino. Masabata anadutsa. Iye mwini ankazemba m'mawa uliwonse kukayenda, ndipo msana wake unachira mwakachetechete, koma sanasangalale nako. A Chitseko anadzavomera tsiku limene anayesa kudzuka miyendo n'kukana kuwanyamula. Ulendo umenewo anakwera galimoto, ndipo za maenje sanatchule.

Anawajambulanso, anawatenga magazi, anawagoneka masiku angapo. Dokotala, wina osati woyamba uja, anawaitana awiriwo m'kachipinda n'kukweza chithunzi chatsopano. Ngakhale Telala amene sankadziwa kuwerenga mafupa anaona kuti pena pake pali ngati padyedwa ndi chiswe. Inali khansa, inayambira kwina n'kufika m'mafupa. Dokotalayo ananena mosamala kuti sinabwere chifukwa cha supuni ija, kapena kuwerama, kapena mphepo, ndipo inayamba chaposachedwa. Ikanapezeka msanga pakanakhala zambiri zochita. Tsopano chotsala chinali kuchepetsa ululu.

Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo. A Chitseko anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inayamba kuwala.

"Ndinkanena ine," anatero.

Dokotala anayamba kubwereza kuti ayi, izi n'zina, koma Telala anamupukusira mutu kuti awasiye.

Anabwerera kunyumba. Tsopano chitseko ankachitulutsa pakhonde m'mawa uliwonse, pambali pa makina, kuti aziona msewu. Namwino ankabwera ndi mankhwala, ndipo anawanyengerera mpaka analola kuti pachitsekopo ayalepo kamatiresi kopyapyala. Iwo anati alola chifukwa cha ulemu chabe, ndipo asauze anthu. Anthu aja amene ankawapatsa moni chapatali anayambanso kuyandikira. Ankakhala pa benchi n'kumafotokoza za misana yawo, pamene pakuwawa, mmene zinayambira, zimene apongozi awo ananena. A Chitseko ankamvetsera maso ali otseka, ndipo malamulo ankapereka ochepa tsiku ndi tsiku. Nthawi zina ankangoti, "Pepani, zimawawa zimenezo."

Madzulo ena anamuitana Telala n'kumufunsa ngati msana wake unachira. Iye anati unachira. Anamufunsa ngati linali thabwa. Telala anayang'ana nkhope yowonda ija, n'kunena zoona, kuti ankazemba kukayenda.

"Ndinkakuonani," anatero iwo. "Nsapato zanu zinkabwera ndi fumbi la kutali." Kenako anawonjezera kuti, "Musawauze anthu. Angasokonezeke."

Anamwalira Lachinayi masana, ndipo palibe anadziwa nthawi yake. Wometa anali atabwera kudzacheza chifukwa kunalibe makasitomala. Anakhala pa benchi n'kuyamba kufotokoza za msana wake kuyambira ali mnyamata, mmene anagwera mumtengo wa mango, mpaka za mpando wake wometera umene unali wamfupi. Wowotcherera anadutsa, anapereka moni, n'kunena kuti akulu akuoneka bwino lero. Mayi wa nthochi uja, amene tsopano anali mnzawo, anasiya nthochi ziwiri pambali pa mutu wawo. Wometa anamaliza nkhani yake, anadziwongola, n'kunena kuti lero a Chitseko amvetsera bwino kwambiri, sanamudule mawu n'kamodzi komwe.

Telala anali akupinda mpendero wa siketi. Mawu amenewo atamufika anaponya diso osatembenuza mutu. Ntchentche inali itatera pa mlomo wa achimwene ake, ikuyenda mosatekeseka. Phazi lake silinachoke pa chopondera. Anasoka mpenderowo mpaka kumapeto, anabweza msoko kuti usamasuke, anadula ulusi, anapinda siketiyo bwinobwino. Kenako anadzuka n'kukagwada pambali pawo.

Wometa sanakhulupirire. Ankangoti dikirani kaye, munthu ameneyu timamudziwa, alankhula pompano. Ngakhale pa maliro anthu ankayenda mosamala, ndipo onyamula bokosi ankayang'anana kuti pasakhale wotsitsa mbali yake. Pamene ankalitsitsira m'manda panali bata lachilendo, aliyense atatchera khutu. Sipanamveke kanthu. Pamenepo m'pamene anthu anayamba kulira zenizeni.

Msewu uja ulipobe, ndipo misana ikuwawabe monga kale. Masiku ano anthu amapita kwa Namwino, amawauza zoona mwachidule, ndipo ambiri amachira. Koma amabwerako nkhope zili zosakhutira, ngati munthu amene wadya osakhuta. Wometa akuti nthabwala zake zinatha mchere chifukwa palibenso womuletsa kuseka. Odutsa pakhonde la Telala amatsitsabe mawu osadziwa chifukwa chake, ndipo ana amene anabadwa pambuyo pake amawolokera tsidya lina akafika pamenepo, ngakhale palibe anawauza kanthu.

Mwezi wina wotentha kunabwera bambo wachilendo, wa jekete lafumbi, dzanja lili m'chiuno. Anati wachokera kutali, wasintha mabasi panjira, chifukwa anamva kuti kuno kuli mkulu wina wodziwa misana. Telala anamuuza kuti mkuluyo anatisiya. Bamboyo anafunsa ngati sanasiyeko mankhwala.

Telala anamufunsa ngati akuonda, ngati miyendo ikuchita dzanzi, ngati mkodzo ukuvuta, ngati thupi likutentha. Zonse anati ayi.

"Ndiye muziyenda, bambo. Msanawo ukapanda kusintha mukaonane ndi adokotala."

"Basi?"

"Basi."

"Palibe chatuluka?"

"Palibe."

Bamboyo anaoneka ngati walandidwa katundu. Koma sanachoke. Anakhala pa benchi, anavula chipewa, n'kuyamba kufotokoza kuti zinayamba chaka chimene mkazi wake anamwalira, pamene anayamba kutunga yekha madzi. Telala anachotsa phazi pa chopondera. Bamboyo analankhula mpaka mthunzi wa nyumba unafika pakati pa msewu, ndipo za msana zinali zochepa.

Atamaliza, Telala anati amuperekeze kokwerera basi. Anadzera naye kumsika, anazungulira kuseri kwa sukulu, anakwera kamtunda ka kumatanki a madzi, n'kutsikira mbali ina. Atafika bamboyo anayang'ana uku ndi uku, n'kuona denga la Wometa lili chapafupi pomwepo.

"Mayi, kodi pobwera paja sindinangodutsa apa?"

"Munadutsa pomwepa."

Bamboyo anamuyang'ana, n'kuseka kwa nthawi yoyamba. Basi itafika anakwera masitepe chipewa chili m'dzanja limodzi, jekete m'dzanja lina.

Telala anabwerera yekha mwa njira yachidule, akumwetulira, akukonza m'mutu mmene akaifotokozere nkhaniyi kuti iwapsetse mtima bwino achimwene ake. Anakwera pakhonde mpaka anatsegula pakamwa, koma pamene ankagona paja panalibe munthu. Kenako anakhala pampando wake, ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuyamba kufunafuna diso la singano.